Chaka Chimene Kalasi Inasamukira m'Foni

Linali Lachisanu pa 20 March 2020. Masana tinali titaswali Jumu'ah mapewa ali ogundana monga mwa nthawi zonse, ndipo madzulo ake tinamva pa wailesi kuti Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Peter Mutharika, walengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mwa zina analamula kuti sukulu zonse, kuyambira pulayimale kufikira za ukachenjede, zitsekedwe kuyambira Lolemba pa 23 March, ndiponso kuti anthu asasonkhane oposa 100 pamalo amodzi. Tsiku limenelo m'Malawi munalibe ngakhale munthu mmodzi amene anali atapezeka ndi kachilomboka. Atatu oyamba analengezedwa pa 2 April mumzinda wa Lilongwe.

Ambiri a ife aphunzitsi tinkayesa kuti ndi tchuthi cha masabata awiri kapena atatu. Ophunzira ena anasiya mabuku ndi zofunda m'zipinda zawo zogona poganiza kuti abweranso Ramadhan isanafike. Oyamba kubwerera anabwerera patapita miyezi isanu ndi theka, enawo pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri. Zimene zinachitika m'kati mwa miyezi imeneyo n'zimene tikufuna kuzilemba pano, zisanasanduke nthano ya anthu okumbukira theka.

Kutseka makomo chifukwa cha mliri sikunali kwachilendo kwa Msilamu wodziwa mbiri yake. Cha m'chaka cha 18 Hijra (639), mliri unabuka ku Amwas m'dziko la Palestine nufalikira m'Shaam monse. Khalifa Umar bin al-Khattab (RA) anali pa ulendo wopita kumeneko, ndipo atafika pamalo otchedwa Sargh anakumana ndi Abu Ubaidah bin al-Jarrah (RA) ndi atsogoleri ena a asilikali, amene anam'fotokozera za nthendayo. Maswahaba anasiyana maganizo, ena akuti ulendo upitirire, ena akuti abwerere. Abdur-Rahman bin Awf (RA), amene pa zokambiranazo panalibe, atafika ananena kuti iye anamva ndi makutu ake kwa Mtumiki (SAW) chiletso cholowa m'dera limene mwagwa mliri, komanso chothawa m'deralo ngati munthu ali kale momwemo. Umar anabwerera ku Madinah. Abu Ubaidah anatsala ndi anthu ake ndipo anamwalira ndi mliriwo, chimodzimodzinso Mu'adh bin Jabal (RA), mmodzi wa aphunzitsi akuluakulu a m'badwo umenewo. Patapita zaka mazana asanu ndi awiri, mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 unatenga makolo onse awiri a Ibn Khaldun ku Tunis pamodzi ndi aphunzitsi ake angapo. Mliri ukafika, maphunziro ndi amodzi mwa oyamba kuvulala, pakuti nzeru zimakhala m'zifuwa za anthu ndipo zimayenda anthuwo akakhalirana pafupi.

Chachilendo cha 2020 chinali chakuti dziko lonse linali ndi njira yoti mphunzitsi n'kuyankhula ndi wophunzira wake popanda kupumirana mpweya. Kumayambiriro kwa March, Saudi Arabia inali itatseka kale sukulu ndi mayunivesite ake n'kusamutsira maphunziro pa intaneti, itaimitsanso Umrah. Ana athu amene ankaphunzira ku Madinah anayamba kumvera masheikh awo pa kompyuta ali m'zipinda zawo. Hajj ya chaka chimenecho inachitidwa ndi anthu owerengeka okha okhala m'dzikomo. M'maiko olemera, yunivesite yonse inkatha kusamuka m'sabata imodzi. Funso linali lakuti ife kuno tisamukira kuti, ndipo pa chiyani.

Tisanayankhe, ndi bwino kukumbukira kuti kuphunzira munthu ali kutali ndi mphunzitsi si chinthu chimene Amalawi anachidziwira pa Zoom. Mu 1965, chaka chimodzi chokha titalandira ufulu, boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education. Maphunziro ankabwera pa positi m'timabuku, ena n'kumamveka pa wailesi ya MBC, ndipo wophunzira ankatumiza mayankho ake m'envulopu n'kudikira masabata kuti abwezedwe atachongedwa. Malo ophunzirira a MCDE ndi amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasandutsidwa masekondale oyendera a CDSS amene tili nawo lero. Koleji ya aphunzitsi ya Domasi ndi yunivesite ya Mzuzu nazonso zinali zitaphunzitsa kale aphunzitsi ambiri mwa njira yoti amabwera pasukulu masabata ochepa, nthawi yotsalayo n'kumawerengera kwawo. Koma maphunziro onsewa anali okonzedwa mwachifatse, timabuku take tolembedwa dala kuti munthu atimve ali yekha. Zimene zinachitika mu 2020 zinali zina: kalasi yokonzedwera bolodi ndi choko inanyamulidwa mothamanga, ngati katundu wopulumutsidwa m'nyumba yoyaka moto, n'kuponyedwa m'foni.

Boma linayamba ndi ana aang'ono. A pulayimale anawaikira maphunziro pa wailesi, a sekondale anawaikira zowerenga pa intaneti mogwirizana ndi makampani a mafoni. Makoleji ndi mayunivesite anayenera kudzionera okha njira. Ena anatsegula makalasi pa Google Classroom kapena Moodle, ena anayesa Zoom, ena anangotseka n'kudikira. Koma amene ananyamula katundu wolemera kuposa onsewa anali WhatsApp, chifukwa ndi amene anali kale m'manja mwa anthu, ndipo bandulo yake inali yotsikirapo mtengo. Masiku amenewo gulu limodzi la WhatsApp linkalola anthu 256 okha, kotero kalasi yaikulu ya chaka choyamba inkagawidwa pawiri, mphunzitsi n'kumatumiza chinthu chimodzimodzi kawiri. Zoom yaulere inkadula msonkhano pakatha mphindi 40, ndipo theka la mphindizo linkathera pa kufunsana ngati tikumvana.

Ziwerengero za dziko lathu zikufotokoza chifukwa chake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ambiri okhala kumidzi, ndipo mabanja ounikira magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Ogwiritsa ntchito intaneti sankafika ngakhale mmodzi mwa anthu asanu. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'chaka cha 2020 anali K35,000 pa mwezi, ndalama imene munthu akanasonkhanitsa miyezi ingapo osadya kuti agule laputopu yogwiritsidwa kale ntchito. Pamwamba pa mtengo wa bandulo panali msonkho wa 10 peresenti umene boma linaika pa intaneti ndi mauthenga a pafoni mu 2015, kuwonjezera pa VAT. Si zodabwitsa kuti pakati pa chaka chimenecho achinyamata anafuula kwambiri kuti mitengo ya intaneti itsike, ndipo makampani anatsitsako ina mwa mitengo yawo.

Wophunzira wa pakoleji akakhala pasukulu, amagona m'chipinda chofanana ndi cha mnzake, amadya nsima ya m'mphika umodzi, amawerengera pa getsi limodzi. Umphawi wa kwawo umabisika pang'ono. Sukulu zitatsekedwa aliyense anabwerera kumene anachokera, ndipo zobisika zija zinaonekera poyera. Wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa ankatsegula laputopu pa tebulo. Wa ku Makanjira kapena ku Katuli ankatchajitsa foni pa shopu yometera tsitsi, n'kukwera pa chulu kapena pa kaphiri pamene netiweki imagwira, kukopera zonse zimene zatumizidwa, n'kutsika kukawerengera kunyumba. Miyezi ya April ndi May ndi yokolola, ndipo palibe kholo limene lingaone mnyamata wamphamvu atakhala pa khonde maso ali pa foni n'kukhulupirira kuti ameneyo ali m'kalasi. Atsikana zinawavuta koposa: mtsikana akakhala pakhomo ntchito zonse za pakhomopo zimamudziwa dzina. Panalinso maphunziro amene sakanalowa m'foni ngakhale bandulo ikanakhala yaulere. Namwino amaphunzira kubaya jekeseni pa mkono weniweni, ndipo wophunzira uphunzitsi amayesedwa ataima kutsogolo kwa ana, koma anawo anali kwawo.

M'makoleji athu a Chisilamu ndi m'madrasa vuto linali ndi nkhope yakeyake. Chisilamu chinakhazikika m'dziko muno kudzera mwa anthu oyenda pansi kukafuna mphunzitsi. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa, nabwerera kudzaphunzitsa m'madera a kunyanja, ndipo wophunzira wake Sheikh Sabiti anapitiriza ntchitoyo. Mwana ankaperekedwa kwa mwalimu, kukhala pakhomo pake, kumulimira, kumunyamulira zitabu pa ulendo, kulemba pa ubao n'kufufuta ataloweza. Ankaphunzira kuswali poona mmene sheikh wake akuswalira, ndi kulandira alendo poona mmene akuwalandirira. Ife amene tinadzaphunzira m'makoleji a makalasi ndi mayeso tinasiyako zambiri za njira imeneyo, koma mtima wake tinatsala nawo: Qur'an imatengedwa pakamwa pa munthu.

Tsono tinayesa kuphunzitsa tajweed pa WhatsApp. Mphunzitsi ankajambula mawu ake akuwerenga ma ayah angapo, wophunzira n'kubweza mawu ake, mphunzitsi n'kujambulanso zokonza. Fiqh, Seerah ndi Nahw zinkayendako, chifukwa munthu ukhoza kujambula tsamba la kitabu n'kulifotokoza. Koma potulukira zilembo panatigonjetsa. Mwana woyankhula Chichewa kapena Chiyao alibe kusiyana kwa seen ndi swaad m'chinenero chake, ngakhale kwa haa ya pakhosi ndi haa ya m'chifuwa, ndipo timam'phunzitsa pomuonetsa pamene lilime likugunda ndi mmene milomo ikukhalira. Ka sipika ka foni yotchipa kamameza kusiyana kumeneko. Tinkamvera uthenga umodzi katatu, kumbuyo kwake kukumveka tambala kapena chigayo, osatsimikiza ngati walakwitsa ndi mwanayo kapena foniyo. Cholakwa chimene m'kalasi chimakonzedwa pa kupuma kumodzi chinkatenga masiku awiri, ndipo pofika tsiku lachiwirilo mwana anali atachibwereza kambirimbiri mpaka chitakhazikika. Ramadhan ya chaka chimenecho inayamba kumapeto kwa April, ndipo ambiri a ife tinkamvera mauthenga amenewa pambuyo pa daku, pamene netiweki inali yopepuka.

M'masiku amenewo tinabwerera ku phunziro lina limene tinaliloweza ku koleji kuti tikhoze mayeso, osadziwa kuti lidzatigwirira ntchito. Maulama a Hadith anakumana kalekale ndi funso la kuphunzira munthu ali kutali. Ibn al-Salah, amene anamwalira ku Damascus mu 643 Hijra (1245), anasanja njira zisanu ndi zitatu zimene munthu angalandirire Hadith kwa sheikh wake. Pamwamba pali kumva sheikh akuyankhula yekha, kenako kumuwerengera iye akumvetsera ndi kukonza. Pansi pake pali ijazah, chilolezo chofalitsa zimene sheikh ali nazo, ndi kupatsidwa buku pamanja. Palinso mukatabah, pamene sheikh amalembera kalata wophunzira amene ali dera lina. Maulama ambiri anaivomereza njira imeneyi, malinga ngati wolandirayo akuzindikira bwino zolemba za sheikh wakeyo. Kumapeto kwenikweni kuli wijadah, pamene munthu wangopeza zolemba za wina amene sanakumane naye. Wotereyo ankaloledwa kunena kuti wapeza zakutizakuti m'zolemba za uje, koma osati kunena kuti uje anamuuza.

Chimene chinatigwira mtima n'chakuti akuluakulu amenewa sanakane kalata, komanso sanainamizire kuti ndi yofanana ndi kukhala pamaso pa sheikh. Anaipatsa malo ake ndi dzina lake, ndipo wofalitsa ankayenera kunena poyera njira imene analandirira. Ife mu 2020 tinadutsa m'njira zonsezi osazitchula maina. Kalasi ya pa Zoom inali kumva. Uthenga wa mawu wa mwana wowerenga Qur'an unali kuwerengera sheikh, ngakhale kukonza kwake kunkachedwa. Zolemba zimene mphunzitsi ankatumiza pa gulu zinali mukatabah. Ndipo zambirimbiri zimene ophunzira ankapatsirana, zopanda dzina la wolemba, zochokera ku gulu lina kupita ku lina, zinali wijadah yeniyeni, ndipo zina mwa izo zinali ma fatwa okhudza mliri womwewo, osadziwika mwini wake.

Maulama omwewo anakambirananso za kumva Hadith kwa munthu amene ali kuseri kwa chotchinga. Shu'bah bin al-Hajjaj sankafuna, poopa kuti mawu akhoza kutsanziridwa. Ambiri analola ngati mawuwo akudziwika, potengera kuti anthu ankamva Hadith kwa Mayi Aisha (RA) ndi akazi ena a Mtumiki (SAW) ali kuseri kwa nsalu. Kwa ife chotchingacho chinatembenuka. Wobisika sanali mphunzitsi koma wophunzira. Makamera ankakhala ozimitsa pofuna kusunga bandulo, ndipo mphunzitsi ankayankhula kwa maina olembedwa pa galasi, osadziwa ngati kuseri kwake kuli munthu kapena foni yasiyidwa pa mpando mwini wake ali ku dimba. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti theka la ntchito yake amaigwira ndi maso: amaona nkhope imene yasokonezeka, n'kubwereza asanafunsidwe. Maso amenewo tinalandidwa.

Pa mayeso ndi pamene panavuta zedi. Makoleji ambiri sanayerekeze n'komwe kulembetsa mayeso otsiriza pa intaneti, anadikira kuti ophunzira abwerere. Ntchito zing'onozing'ono zimene tinkapereka zinkabwera nthawi zina mayankho a anthu asanu ali ofanana mpaka pa cholakwa cha kalembedwe. Sitinganene kuti ana a chaka chimenecho anali osakhulupirika kuposa a zaka zina. Ena anali asanalandire n'komwe phunzirolo, ndipo mnzawo wokhala m'tauni ankawatumizira yankho poganiza kuti akuwathandiza. Komabe ife amene timaphunzitsa kuti maphunziro ndi amanah tinaona kuti mbali ina ya kukhulupirika kumene tinkanyadira kunali kuchirikizidwa ndi maso a woyang'anira mayeso.

Kunja kwa makalasi dziko silinaime. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma linafuna kuyamba pa 18 April unaletsedwa ndi bwalo lalikulu la milandu kutatsala tsiku limodzi. Misonkhano ya ndale inadzaza mabwalo mpaka chisankho cha pa 23 June chimene chinalowetsa Lazarus Chakwera m'boma. Makolo ankafunsa, ndipo funso lawo linali lomveka, kuti bwanji misika ndi misonkhano zili zotsegula pamene sukulu zili zotseka. Mtengo wa kutsekako unadzaoneka pa atsikana. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analowa m'banja asanakwane msinkhu. Mangochi linali limodzi mwa maboma otchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo ife Asilamu sitingaiwerenge ngati nkhani ya eni ake. Ambiri mwa atsikanawo anali a pulayimale ndi sekondale, amene akanadzakhala ophunzira a m'makoleji athu zaka zotsatira. Maina awo sanafike n'komwe pa kaundula wathu.

Sukulu zinatsegulidwa m'magawo awiri: pa 7 September 2020 kwa olemba mayeso ndi a chaka chomaliza m'makoleji, ndipo pa 12 October kwa otsalawo. Tinabwerera ndi zidebe za madzi pa khomo ndi nsalu zotchinga pakamwa ndi mphuno, zimene kwa mphunzitsi wa tajweed zinali chotchinga chinanso. Tisanapume, mliri unabweranso mwaukali mu January 2021. Pa 12 January tsiku limodzi lokha dziko linataya nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi m'bale wathu Mohammed Sidik Mia, Allah amuchitire chifundo. Sukulu zinatsekedwanso mpaka kumapeto kwa February. Ulendo uno panalibe woyesa kuti ndi tchuthi. Magulu a WhatsApp anali alipo kale, aphunzitsi anali ataphunzira kujambula phunziro la mphindi zisanu m'malo mwa ola lathunthu, ndipo ena anali atazindikira kuti kusindikiza timapepala n'kupatsa wophunzira asanakwere basi kumathandiza kuposa china chilichonse cha pa intaneti. Mwa njira imeneyo tinabwerera, osadziwa, ku nzeru za MCDE za m'ma 1960. Katemera woyamba anafika m'dziko muno pa 5 March 2021.

Pali zimene zinatsalira ndipo sitikuzidandaula. Kalendala ya maphunziro inasokonekera kwa zaka zingapo, ndipo ambiri anamaliza koleji mochedwa, koma magulu a makalasi aja sanafe. Lero mayi wa ku Nkhotakota amene sakanatha kusiya ana ake n'kupita ku darsa amamvera phunziro la Fiqh akuphika. Abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Durban amatumiza mafunso kwa sheikh wa kumudzi kwawo n'kuyankhidwa tsiku lomwelo. Aphunzitsi ena achikulire amene ankaiona foni ngati mdani wa madrasa tsopano amajambula okha madarsa awo. Chimene sitinachitebe ndi chimene Ibn al-Salah ndi anzake anachita: kukhala pansi n'kugwirizana kuti ndi maphunziro ati amene angaperekedwe patali, ndi ati amene satheka popanda kukhalirana pafupi, ndiponso kuti satifiketi kapena ijazah izinena njira imene mwini wake anaphunzirira.

Pamene ophunzira anabwerera mu October 2020, ambiri a ife tinayamba ndi kuwamvetsera mmodzimmodzi akuwerenga, monga timachitira ndi ofika kumene. Ena anali atapita patsogolo kuposa mmene tinkayembekezera, makamaka amene kwawo kunali wachikulire wowamvetsera pambuyo pa Swala ya Fajr. Ena anabwera ndi masurah atsopano oloweza bwino koma zilembo zitapotoka, ndipo zinatitengera teremu yathunthu kuwongola zimene zinapindika m'miyezi isanu ndi iwiri. M'kaundula wa kalasi iliyonse munali maina awiri kapena atatu amene tinkaitana sabata yoyamba ndi yachiwiri popanda woyankha. Pofika sabata yachitatu tinkangowadumpha.